Bambo akukana kuchoka ku Rosettenville: tiwasiye okha kapena tiwakweze basi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Tembisa. Akuti:

"Anamwino, bambo anga ali ndi zaka 69. Anabwera kuno ku Joni kudzera ku TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, m'ma 1980, anagwirapo kumgodi wa golide, kenako anayamba utelala ndipo akusokabe mpaka lero. Chimwalirireni amayi chaka chathachi amakhala okha m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ku Rosettenville. Amadziphikira, amadzichapira, lendi amalipira okha. Koma ali ndi BP, aonda kwambiri, ndipo mwezi watha anagwa usiku popita kuchimbudzi chapanja. Achimwene anga akuti tiwakweze basi azikakhala kwathu ku Ntcheu. Ine ndikufuna abwere kwanga. Iwo akukana zonse, akuti si mwana ayi. Titani?"

Mayi, mtima m'malo. Munthu wa zaka 69 amene akutha kulowetsa ulusi pasingano, kuyeza kasitomala, kukumbukira tsiku la lendi ndi kudziphikira, ameneyo sanafike potheratu. Kukhala wekha si matenda. Pa unamwino wanga muno mu Joni ndaona agogo a zaka za m'ma 80 akudzisamala bwinobwino m'kachipinda kamodzi, ndaonanso ena akufota m'nyumba yodzaza ana ndi zidzukulu chifukwa anawalanda chilichonse chochita. Choncho nkhani yoti bambo azikhala kuti iyambe yadikira. Pali mafunso awiri ofunika changu kuposa imeneyo: anagweranji, nanga akuonderanji?

Tiyambe ndi kugwako. Wachikulire sangogwa. Pamakhala chifukwa, ndipo kawirikawiri ndi zifukwa zingapo zomwe zangokumana usiku umodzi. Zipinda zakuseri za ku Rosettenville ndi Turffontein ndimazidziwa: chimbudzi chili kumathero kwa yadi, simenti inang'ambika, pakhomo pali kasitepe, babu lapanja linapsa kalekale eninyumba osalabadira. Munthu wadzidzimuka pakati pa usiku mkodzo utamupana, wavala mapatapata, dzanja lina lagwira foni younikira, lina lagwira thalauza. Pamenepo ngakhale mnyamata akhoza kupunthwa. Ndiye onjezani izi: munthu wamkulu akadzuka mofulumira kuchoka pabedi, magazi amachedwa kukwera kumutu, maso amachita mdima, miyendo n'kulefuka. Mankhwala a BP amawonjezera chizungulire chimenechi, makamaka akakhala kuti munthu waonda koma mlingo wa mankhwala ndi womwe uja anamupatsa ali wonenepa.

Afunseni bambo kuti usiku amadzuka kangati kukataya madzi. Ngati ndi katatu kapena kanayi, pali zoyenera kufufuza. Kapilisi kena ka BP kotchedwa hydrochlorothiazide kamakodzetsa, n'chifukwa chake kamayenera kumwedwa m'mawa. Ambiri amakamwa pogona, usiku wonse n'kumayenda mtunda wa kuchimbudzi. Shuga wokwera amakodzetsanso. Ndipo kwa abambo amsinkhu umenewu, prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ikakula imafinya njira ya mkodzo, munthu amakodza pang'onopang'ono, chikhodzodzo osatha. Nkhani imeneyi sangakuuzeni inu mwana wawo wamkazi, musadzivute. Ingowauzani kuti akamuuze namwino kapena dokotala, kapena achimwene anu awafunse pafoni mwachimuna. Maso nawonso akayezedwe. Ng'ala imabwera mwakachetechete, ndipo telala amaiona mochedwa chifukwa manja ake anazolowera ntchito. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi. Ku St John Eye Hospital, pa Chris Hani Baragwanath, amachita zimenezi, kungoti pamafunika kalata yochokera kukiliniki komanso mzere wake ndi wautali, ndiye kulembetsa msanga n'kwabwino.

Zokonza panyumba sizidya ndalama zambiri. Kandowa kovindikira m'chipinda usiku, ngakhale poyamba achite nako manyazi. Babu lotchaja lija limayakabe magetsi akathima. Nsapato zogwira chidendene m'malo mwa mapatapata. Kansalu kapakhomo kotereka kachoke, pamodzi ndi zidutswa za nsalu ndi chingwe cha makina zomwe atelala amasiya pansi. Akadzuka azikhala kaye m'mphepete mwa bedi, kugwedeza mapazi, kenako n'kuimirira. Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni: ngati pogwa paja anamenyetsa mutu, magazi amatha kumadontha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza, zizindikiro n'kudzaoneka patapita masabata. Mukaona mutu ukuwawa mosalekeza, akungogona masana, akulankhula zosagwirizana kapena akuyenda mopepesuka, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene za kugwa kuja.

Kuondako ndiye kwandigwira mtima kwambiri. Mwina chifukwa chake n'chapafupi. Abambo ambiri akaferedwa akazi awo, "kudziphikira" kumatanthauza tiyi wa shuga wambiri ndi buledi m'mawa, magwinya (mandasi a kuno) masana, tiyi ndi buledi madzulo. Nsima ya munthu mmodzi imagwetsa ulesi kuphika, ndipo kudya wekha sikukoma. Koma bambo anu analowapo pansi pamgodi wa golide, choncho sindingalole kuti tingoti ndi chisoni basi. Fumbi la miyala ya kumgodi likalowa m'mapapo silituluka. Limatha kukhala chete zaka 20 kapena 30, kenako n'kuyamba kuumitsa mapapo, matenda omwe madokotala amati silicosis, ndipo mapapo oterowo TB imawagwira mosavuta. Afunseni ngati akutsokomola, ngati akutuluka thukuta usiku, ngati akumabanika pokwera kamtunda. Ngakhale akane zonsezi, akapereke makhololo kukiliniki ndipo mukapemphe kuti awajambule pachifuwa, mukanene poyera kuti anagwirapo kumgodi. Kuyeza ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma. Pa ulendo womwewo ayezetse shuga, impso, kuchuluka kwa magazi komanso HIV, poti kachilombo sikaona imvi. Muwayang'anenso m'kamwa, ena amaonda chabe chifukwa mano akugwedera ndipo nyama ndi chimanga zinawakanika.

Poti tatchula za mgodi, ndipatuke pang'ono. Pali bungwe la Tshiamiso Trust lomwe limapereka chipukutamisozi kwa anthu omwe anadwala silicosis kapena TB chifukwa chogwira ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019, kuphatikizapo ochokera kumaiko oyandikana nawo. Si migodi yonse yomwe ili m'gululi, ndipo amayamba ayeza kaye mapapo. Ngati bambo akadasunga khadi lawo lakumgodi kapena nambala ya TEBA, zisamaleni ngati ndalama. Kulembetsa n'kwaulere, ndiye wina akabwera kuti mumupatse kangachepe kuti "afulumizitse fayilo", dziwani kuti ndi tsotsi.

Tsopano kadyedwe. Kwa munthu wa BP mdani wamkulu ndi mchere, ndipo wa m'botolo uja si woopsa kwambiri poyerekeza ndi wobisala. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zonse zomwe wadya. Boma la South Africa linachita kuika lamulo, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016, lochepetsa mchere mu buledi ndi zakudya zina za m'mapaketi, komabe poloni, masoseji, acha, supu wa m'paketi, makyubu a Knorrox ndi Aromat zikakumana m'mbale imodzi, mlingo uja wapyola dzuwa lisanafike pamutu. Zakudya za anthu okhala okha ndi zomwezi, poti sizichedwa kupsa. Ine sindiletsa nsima. Kuuza Mngoni wa ku Ntcheu kuti asiye nsima n'kutaya nthawi, ndipo bambo anu pakali pano akufunika kubwezeretsa thupi. Chomwe ndimalimbikira ndi ndiwo. Thupi lokalamba limataya mnofu msanga, ndipo mnofuwo ndi womwe umamudzutsa munthu pampando ndi kumugwira akapunthwa. Mazira, nyemba, usipa ndi matemba zomwe amabweretsa a mabasi, nsomba za m'chitini zija za tomato, chambiko chomwe kuno amati amasi, chiponde, masamba otendera nsinjiro: zonsezi n'zotsika mtengo ndipo zambiri sizifuna firiji. Tsiku lililonse pazipezeka ziwiri mwa zimenezi. Mukapita kukawaona Loweruka, musapite ndi chakudya chophikaphika n'kungosiya. Phikani nawo limodzi mphika waukulu wa nyemba, mudye nawo, zotsalazo muwagawire m'timakontena. Madzi akumwanso aziwakumbukira. Joni ali pamtunda wokwera pafupifupi mamita 1,750, mpweya wake ndi wouma makamaka m'nyengo yozizira, ndipo achikulire samva ludzu msanga. Ena amachita kudzimana madzi poopa kudzuka usiku, zomwe zimawonjezera chizungulire ndi kudzimbidwa. Azimwa kwambiri m'mawa ndi masana, madzulo n'kuchepetsa.

Za mankhwala, chitani zomwe ndimauza aliyense: tengani jumbo, muikemo chilichonse chomwe bambo amamwa, cha kukiliniki, cha pa spaza (kagolosale kam'dera), cha kwa asing'anga, cha mnzawo wakutchalitchi, mupite nalo kwa namwino. Mudzadabwa. Atelala ambiri msana ndi maondo zimawawawa, ndiye amakhalira Brufen ndi timapepala ta Grand-Pa tsiku ndi tsiku. Brufen ndi anzake amakweza BP ndi kuwononga impso, pomwe Grand-Pa muli aspirin yemwe amatha kukanda m'mimba mpaka kutaya magazi mobisika. Pa ululu wamasiku onse Panado ndiye wabwinoko, pamlingo wolembedwa papaketi. Mabotolo a zitsamba "zotsuka magazi" ogulitsa m'misewu sadziwika zomwe anathiramo. Mankhwala a BP enieniwo ali ndi timavuto take: amlodipine amatupitsa mapazi, enalapril amayambitsa kachifuwa kouma. Zikatero munthu asangosiya, akanene amusinthire. Ndipo kwa bambo anu chifuwa chisanamiziridwe pilisi mapapo asanayezedwe. BP sipola ngati malungo. Ambiri amasiya mankhwala ati akumva bwino, chonsecho akumva bwino chifukwa cha mankhwalawo. Cholinga n'choti izikhala pansi pa 140/90 popanda kuwachititsa chizungulire. Ngati mungakwanitse, agulireni kamakina koyezera pamkono, azilemba manambala m'kope lomwe amalembamo miyezo ya makasitomala. BP ikakhazikika, afunse kukiliniki za ndondomeko ya CCMDD, yomwe munthu amakatengera mankhwala ake kufamase kapena malo ena apafupi akalandira uthenga pafoni, m'malo mofola m'bandakucha mwezi ndi mwezi.

Utelala ndi ntchito yokhala pansi, ndipo miyendo ili ngati khasu, ukaliimika pakona limachita dzimbiri. A WHO amalangiza achikulire kuyenda kapena kugwira ntchito yotenthetsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata, kuwonjezapo zolimbitsa minofu ndi zothandiza kuima mosagwedera. Kunena kwina, theka la ola masiku asanu. Ndikudziwa kuti mu Joni kuyenda wapansi si nkhani yophweka. Misewu ina ndi maenje okhaokha, matekisi sapatsa njira, ndipo mantha a atsotsi si ongopeka. Komabe njira ilipo. Aziyenda kukawala, ali awiri kapena atatu, foni itatsala kunyumba kapena ili m'thumba lam'kati. Dziwe la Wemmer Pan lili pafupi ndi kwawoko, ndipo ena amangolowa m'malo ogulitsira zinthu ngati The Glen n'kumazungulira m'makonde momwe pansi ndi posalala ndipo alonda alipo. M'chipinda momwemo angathe kumaimirira ndi kukhala pampando kakhumi osagwira ndi manja, kunyamula zigubu za madzi za malita 5, kuima ndi mwendo umodzi atagwira tebulo la makina. Akatha kusoka chovala chimodzi aziimirira kaye. Munthu akagwa kamodzi amayamba kuopa kuyenda, akasiya kuyenda miyendo imafooka, ndiye amagwanso. Ana ambiri mwachikondi amawonjezera vutoli pouza kholo kuti lizingokhala.

June ndi July wa kuno amapha achikulire m'njira ziwiri. Ina ndi chibayo chotsatira chimfine. Katemera wa chimfine amafika m'makiliniki cha m'ma March ndi April, ndipo a zaka 65 kupita m'tsogolo ali m'gulu loyamba kulandira. Ina ndi mbaula. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosanunkha womwe umagonetsa munthu osadzukanso, ndipo chaka chilichonse timamva za maliro otere. Mbaula isagone m'nyumba, ngakhale makala ataoneka ngati azima. Hitala ya parafini nayonso izizimitsidwa pogona. Bulangeti lowonjezera, chipewa, masokosi ndi botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu n'zokwanira.

Tibwere ku nkhani yomwe mwakanganirana ndi achimwene anu. Maganizo anga ndi akuti, ngati zoyeza zija zituluka bwino kapena zipeza vuto lochizika, bambo asiyeni pomwe ali. Makina aja si a ndalama zokha. Ndi omwe amawadzutsa m'mawa, amawabweretsera anthu pakhomo, amawapatsa dzina m'dera lija. Kwanu ku Tembisa inu mumanyamuka kusanache, ana ali kusukulu, geti lokhoma. Adzakhala okha kuposa mmene alili panopa, opanda kasitomala ngakhale mmodzi, n'kumapempha mwana wawo ndalama ya sopo. Kumudzi kuli zabwino zake, sindikana: kulibe lendi, anthu ndi ambiri, ndiwo zili kudimba. Koma munthu amene wakhala kunja zaka pafupifupi 40 amakafika ngati mlendo. Anzake ambiri anatsogola, malo ena anagawana, chipatala chili patali ndipo mankhwala a BP sapezeka nthawi zonse. Palinso malungo. Ku Johannesburg kulibe udzudzu wofalitsa malungo, ndiye mphamvu yolimbana nawo yomwe thupi linali nayo paubwana inatha kalekale, ndipo mtchona wachikulire malungo amamugwetsa koopsa. Ndiponso tisabisane, kumidzi kwathu wokalamba akayamba kuiwalaiwala kapena kuyenda usiku, sipachedwa kutuluka mawu oti ndi mfiti. Ngati mtima wawo udzafune kumudzi, ayambe apita kokacheza mwezi umodzi kapena iwiri m'nyengo yopanda mvula, atatenga mankhwala okwanira, kalata ya kukiliniki, neti ndi mankhwala oteteza malungo. Ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza umapyola tsiku lathunthu, choncho azitsika n'kuwongola miyendo paliponse basi yaima. Akabwerako n'kutentha thupi, akanene kuchipatala kuti anali ku Malawi.

Kuti akhale okha bwinobwino, pafunika anthu oti chitseko chikapanda kutseguka m'mawa adabwe. Pezani mmodzi payadipo, mumupatse nambala yanu ndi kiyi wapadera. Muziimba foni nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale ya mphindi ziwiri, kuti tsiku lomwe sayankha mudziwe kuti pali china. M'thumba mwawo muzikhala kapepala kolembapo dzina, mankhwala omwe amamwa ndi nambala yanu. Pakhoma mulembe ndi zilembo zikuluzikulu 112, yomwe imaimbika pafoni yam'manja iliyonse, ndi 10177 ya ambulansi. Kutchalitchi, kubungwe la maliro, pabawo ndi madoda anzawo, konseko asasiye. Chisoni cha imfa ya amayi anu chisaiwalikenso. Abambo athu salira pagulu, amangosiya kudya, kusiya kumeta, kuyamba kachakumwa madzulo. Mukamva mawu ngati "ine ndatsala n'chiyani" kapena "bola ndikanatsatira mayi ako", musawatenge ngati zolankhula za ukalamba. Matenda a maganizo amachizika, kanenedwe kukiliniki.

Pa za ndalama ndi mapepala: ndalama ya okalamba ya SASSA, bungwe la boma lopereka ndalama zothandizira anthu, imayambira zaka 60, koma ndi ya nzika, omwe ali ndi chilolezo chokhala muno mpaka kalekale, ndi othawa kwawo ovomerezeka, ndipo amaona kaye zomwe munthu amapeza. Ngati bambo ali m'gulu limeneli koma sanalembetse, apite. Pasipoti isathe mphamvu ali chikhalire. Ofesi ya kazembe wa Malawi ilipo mu Johannesburg momwemuno. Tonse tikudziwa kuti pamageti a makiliniki ena pakhala pakuima anthu obweza alendo, ndipo achikulire ambiri asiya kukatenga mankhwala poopa kunyozedwa. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Masiku a kukiliniki wina aziwaperekeza, khadi la kukiliniki ndi mapepala zili m'manja.

Ilipo nthawi yomwe ndidzagwirizane nanu kuti kukhala okha kwakwana. Akadzagwanso kachiwiri m'miyezi yochepa, akadzayamba kusiya sitovu ikuyaka, kusochera m'misewu yomwe akuidziwa, kumwa mankhwala kawiri kapena kuiwaliratu, kusiya kusamba, kapena ndalama kumangosowa osadziwa komwe zapita, pamenepo mukhalenso pansi. Kusokonezeka mutu kobwera mwadzidzidzi, kwa tsiku limodzi kapena awiri, kumeneko si ukalamba. Kawirikawiri ndi matenda a m'chikhodzodzo, chibayo kapena shuga, ndipo n'kofunika chipatala tsiku lomwelo. Pakamwa pakapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, mawu akayamba kulemera, pachifuwa pakathina kapena mpweya ukavuta, musadikire kuche, musayambe kuthira madzi kapena kuitana abusa kaye. Pa sitiroko maola oyambirira ndi omwe amapulumutsa ziwalo. South Rand Hospital ili ku Rosettenville komweko.

Polankhula nawo musapite ndi chigamulo chomangamanga, inu ndi achimwene anu mutagwirizana kale pa WhatsApp. Mawu oti "si mwana ayi" akutanthauza kuti aona kale kuti mukukambirana za iwo popanda iwo. Apempheni nzeru: "Bambo, mukufuna kukhala konkuno, chabwino, ndiye tithandizane bwanji kuti ife tizigona tulo?" Ngati pali amalume kapena mkulu wampingo yemwe amamumvera, akhalepo. Sabata ikubwerayi pemphani tsiku limodzi kuntchito, mupite nawo kukiliniki ndi jumbo la mankhwala lija ndi khadi lakumgodi. Mukapemphe kuti BP awayeze atagona kenako ataimirira, awakweze pasikelo ndipo kulemera kwawo kulembedwe pakhadi, kuti podzabwerera mwezi wamawa mudzakhale ndi nambala yoyerekezera.